Sipanala ya Mano Anayi

Lolemba, 9 Sepitembala 2024

Akulemba ndi Janet, mwana wanga wachiwiri. Ine ndine Anesi, mkazi wa malemu a Wilson Namakhwa. Cholembera sindinachigwirepo chibadwire, ndiye ine ndiziyankhula, iye azilemba, osachotsa, osawonjezera. Bukuli ndi la bambo ake, ankalembamo maulendo ali dalaivala ku esiteti ya tiyi. Talipeza m'kabokosi ka m'galimoto. Mbewa zadya ngodya imodzi yokha, masamba oyera alipo ambiri kumapetoku.

Nkhani ndi galimotoyo. Pijo yakale, inali yoyera, pano yangotuwa ngati mwini wakene. Bwana wa ku esiteti pobwerera kwawo anawasiyira bambo ako, iwe Janet usanayambe sukulu. Chimwalirire iwo yakhala pansi pa mtengo wa mapeyala zaka khumi ndi zinayi. Ndisaname, amene ankaikiziramo nkhuku ndine.

Dzulo potuluka ku tchalitchi kunabwera Pilato, mwana wa alongo awo a malemu. Kuchimuna wamkulu watsala ndi iyeyo, ndipo pamaliro paja galimoto inagwera kwa iwo, kungoti inalibe miyendo yopitira. Akuti wapangana ndi anthu ogula zitsulo zakutha, abwera Loweruka adzaiduliretu panopo. Ndinati Pilato, pabwalo panga, ine ndikuona? Iye amvekere, "Azakhali, ikatuluka yokha pano n'kukafika pamsewu, ndiisiya, ikhale yanu. Koma ikakhala chigonere, n'chitsulo basi." Ananena pamaso pa anthu, uku akuseka, poti akudziwa kuti tayala lakutsogolo kumanzere linauma gwa, silizungulira.

Amene akulimbana nayo ndi akamwini anga, a Bonface, amuna ake a Janet. Anali fitala wokonza makina ku fakitale ya tiyi zaka makumi atatu, anapuma chaka chatha. Chiyambire Epulo akungoitokosa. Mwezi watha injini inatsokomola kawiri n'kulira, ine ndili kuseri ndikusenda chinangwa. Mpeni unagwa m'manja. Kulira komwe kuja kwa m'mamawa, bambo ako akamanyamuka kukasiya alendo ku Likhubula. Tsiku lomwelo nkhuku ndinazisamutsa.

Chatsala ndi tayalalo. Mmene wandifotokozera, m'kati mwake muli nati, osati ya makona ayi, yozungulira ngati chibangili, yokhala ndi timipata tinayi. Yabisala m'dzenje moti sipanala wamba siifikako. Yake yeniyeni, ya mano anayi, afunsa pa Chitakale, afunsa ku Limbe, amakaniko akungoseka, akuti imeneyo inapita ndi eni ake. Ndiye akamwini ati apanga okha.

Ine sindiyankhula nawo. Si chidani. Ndi ulemu wathu, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Zaka makumi atatu ndi ziwiri pakhomo pamodzi, tikakumana panjira ya kudimba ine ndimapatukira m'chinangwa, iwo amayang'ana phiri. Mawu onse amadzera mwa Janet. Anzanga ambiri anazisiya zimenezi, ife zinangokhazikika.

Koma kuona ndimaona. Pampanda wanga wa udzu pali kampata.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Lero akamwini andipempha dongo. Anatuma iwe: "Kawafunse amayi ngati kadongo kalipo." Kuumba ndinasiya anthu atayamba kukonda zidebe za pulasitiki, koma kamtanda kamodzi ndinakakwirira kuseri kwa khitchini m'thumba la feteleza. Ndakafukula, kukanyika, kukasinja, kuchotsa timiyala, mpaka kayamba kumvera chala.

Tamvera nzeru yawo. Choyezera sichilowa m'dzenjemo. Ndiye adula nsungwi yaifupi, kumata dongo kukamwa kwake, kupaka mafuta ophikira pa nati, n'kukankhira pang'onopang'ono. Potulutsa, nati yonse yadzidinda padongo, timipata tija tatuluka ngati mano a mwana. Munthu wa zitsulo kuganiza za dongo. Anawaphunzitsa ndani?

Anadutsa a Robson a kutsidyaku, khasu paphewa. "Achimwene, tchizulo ndi hamala, mphindi ziwiri yatuluka imeneyo." Akamwini osadzutsa n'komwe mutu: "Ituluka, koma ituluka mtembo. Ina ndikaigula kuti?" A Robson anangoti kaya zanu izo.

Ndimakonda kuona mmene amayalira zinthu. Chilichonse akachotsa amachitsuka mu parafini n'kuchiika pa saka motsatana, choyamba kuchoka chikhale kumanzere. Nkhuku ikayandikira saigenda, amaiuza kuti mayi, pitani uko.

Chopangira sipanalayo ndi paipi yochindikala ya mjigo wakale, kutalika ngati mkono wangawu kulekeza m'chigongono. Akuti mutuluka ziwiri basi. Akasemera ku Nkando kwa a Hopewell, mnzawo wa ku fakitale, amene ali ndi makina osemera zitsulo. Koma a Hopewell aimba foni kuti magetsi kulibe.

Chandivuta n'chimodzi. Dongo lija aliika padenga la malata kuti liume, akuti lisaphwanyike m'minibasi. Dongo likamauma limabwerera. Mphika woumba kuti mulowe nkhuku yathunthu, ukauma mumalowa nkhuku yopanda miyendo. Ndakuuza kuti ukawauze. Wati wamva. Lemba kuti wati wamva.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Ku Nkando magetsi kulibebe. Dongo likadali padenga, dzuwa likuswa mtengo. Janet akuti anawauza.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Akamwini anapita ku Nkando m'mamawa, abwera dzuwa litapendeka.

Paipi ija inachoka pano ili yadzimbiri ngati yotola kudzala. Yabwera yowala, yosalala, timizere topyapyala ngati tsitsi tikuzungulira thupi lonse. Kumutu mano anayi, ofanana ngati obadwa tsiku limodzi. Kumbuyo aboola bowo lopisamo ndodo yachitsulo yopotokolera. Unandibweretsera pansalu kuti ndigwire. Ndinatsinzina n'kuyendetsa chala kukamwa kwake, kufuna pokwera ndi potsika. Ine mtsuko ndimauweruza ndi chala, ndipo ngakhale wanga wabwino kwambiri unkakhala ndi pena pake. Ichi ayi. Chala chinazungulira kawiri osapunthwa.

Anthu anasonkhana, a Robson ndi azimayi obwera kuchigayo. Akamwini analowetsa. Sinagwire. Mano akungogunda pamwamba, osalowa m'mipata. Anatembenuza, kuyesanso, kupukuta nati, kuyesanso. Yachepa. Kuchepa kwake ngati njere ya mpunga, koma chitsulo sichimva zopepesa.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Iwo anakhala panjerwa, kuvula magalasi. Ndinamva akukuuza kuti, "Ndi maso angawa, ndinawerenga molakwika poyeza." Akuti kuikulitsa sikutheka, mano angapyapyale n'kuthyokera momwemo. Chatsala chidutswa chimodzi cha paipi, ndi tsiku limodzi. Mawa abwerera ndi dongo lomwelo akayeze bwino.

Pilato ngati ananunkhiza, anatulukira pa njinga yamoto. Anainyamula sipanalayo, kuipepeta m'manja. "Azakhali, zitsulo zikuwonjezerekatu pano. Anthu anga adzatenga ndi chowalachi." Akamwini anangoilandira n'kuipukuta pomwe anagwira.

Nditakupanikiza kukhitchini unavomera kuti sunawauze. Wati unachita manyazi, munthu wa zaka makumi atatu ku fakitale ukamuuze za miphika. Usalire apa, ukunyowetsa buku la bambo ako. Lemba.

Ndakutumanso, ine ndikumvera pampanda. Iwe wakanena kuti, "Amayi akuti mwina dongo lija silinali labwino." Iwo amvekere, "Ayi, kawauze asadandaule. Dongo lawo ndi labwino zedi, vuto ndi ine." Ndinanena zimenezo ine? Mawu anga amachoka kuno ali ndi miyendo, kukafika uko akukwawa.

Munthu uja ntchito yake inalibe cholakwa. Anasema ndendende chimene dongo linamuuza. Wabodza ndi dongo langa.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Lero lemba bwino, poti zambiri sunazione.

M'mawa ndinawaona akukulunga dongo louma lija m'nyuzipepala. Iwe unali kumjigo. Ndinayang'ana njira, sukubwera. Kumsewu minibasi zayamba kale kuitana. Ndinamanga mpango, kumasula, kumanganso. Kenako ndinatuluka.

Atandiona anadzuka kuti azembere kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse. Ndinati, maso anga ali patayala, "Bambo a Diana, taimani." Ndi dzina la mwana wanu woyamba lomwe linabwera, la Bonface linakanika kutuluka. Anaima, chipewa m'manja, nawonso maso patayala lomwelo.

Ndinati, "Maso anu alibe mlandu. Tabwezerani dongolo panatipo muone."

Anagwada n'kubwezera. Silinakhale. Timano take tikugunda pamwamba, chimodzimodzi sipanala ija. Analichotsa n'kuliyang'ana. Kenako anati, "Lachepa."

Ndinati eya, lagona padenga masiku awiri, labwerera.

"Ife timaopa chitsulo chikatentha, amayi, chimafufuma. Za dongo sindinaziganizeko." Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, osati kuseka kwamanyazi ayi, kuseka kwa munthu amene watola kanthu panjira. Wina akanakwiya kuuzidwa ndi nkhalamba yosadziwa A. Iwo anangofunsa kuti ndiye titani.

Ndinasinja phale la mphika wakale, kusefa, kusakaniza ndi dongo lotsala kuti likhale lolimbirako, lisamagwe mphuno. Ine kumata pansungwi, iwo kukankha. Linatuluka bwino kuposa loyamba. Ndinathyola kaudzu, kuyeza kuchoka dzino ili kufika dzino la kutsidya, n'kukasomeka m'mpango. Ndi mmene tinkayezera zivindikiro. Dongolo ndinalikhazika m'kambale, pamwamba tsamba la nthochi lowamba ndi kansanza konyowa. Anatambasula manja kuti alandire. Ndinati ayi, ili ndi khanda, likufuna mwini wake. Ndipita nawo.

Pamenepo ndi pomwe unatulukira ndi ndowa pamutu, madzi n'kukutayikira kumsana.

M'minibasi kondakitala sadziwa za anthu. "Agogo, sunthirani kwa mwana wanuyo, anthu akhale anayi." Ndinasunthira. Akamwini anayang'ana pawindo kuchoka pa Chitakale mpaka pa Nkando, khosi liyenera kuti likuwawa. Ine kambale m'manja, m'mwamba, kasagunde maondo. Titagwera m'dzenje loyamba anati, "Adalaivala, pang'onopang'ono, tanyamula wodwala." Azimayi ena anayamba kundipepesa. Sindinawatsutse.

A Hopewell ndi munthu wamfupi, wa ovolosi yong'ambika pamimba. Atationa anati, "Bonface, lero wabwera ndi injiniya?" Akamwini anati, "Eya, wamkulu. Mupatseni mpando." Magetsi analipo. Ndinavundukula, kuika kaudzu kanga, kanakwana ndendende. Akamwini anayeza ndi kachitsulo kokhala ngati mlomo wa mbalame, katatu, kulemba pakhoma ndi choko pafupi ndi nambala za dzulo. A Hopewell anayang'ana nambala ziwirizo n'kuliza kamluzu.

Janet, makina amenewo. Paipi amaimanga m'kamwa mwake, n'kuyamba kuzungulira mpaka osaonekanso kuti ikuzungulira. Akamwini amangoyandikiza kampeni kakang'ono ngati chikhadabo. Chitsulo n'kumasendeka ngati mbatata, makoko ake akupotana, ena abuluu, kugwa pansi akufuka. Ine moyo wanga wonse ndinkazungulira mtsuko chowerama, mtsuko uli phee. Apa munthu ali phee, chikuzungulira ndi chitsulo. Ndinaiwala kuti sindiyenera kuwayang'ana. Manja awo sathamanga. Lina limapotokola kachigudumu pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu, lina lili chire. Ndipo sadalira maso okha, amamvera. Kulira kukangosintha, dzanja labwerera kale. Kumapeto ankachotsa zochepa ngati fumbi, kuimitsa, kuyeza, kuyambanso. Ine n'kumadontheza timadzi pakansanza.

A Hopewell anandinong'oneza kuti, "Amayi, ku fakitale makina akafa masamba ali mbwee, sankaitana wa mapepala. Ankaitana awa." Ndinati ndikuona.

Atangomaliza kusema thupi, magetsi anazima. Mano sanadulidwe. A Hopewell anati tidikire mwina abwera. Tinadikira mpaka msika unayamba kuphwasuka. Akamwini anati basi, mano ndikadula pamanja.

Pobwerera anagula mabanzi awiri n'kuwaika pampando pakati pathu. Ndinadya limodzi. Linalo ndi ilo, tenga.

Loweruka, 14 Sepitembala

Tupa inayamba kulira nkhuku zitangotsika. Akamwini anamanga chitsulo pa vayisi, chopanira chawo chokhomedwa pachitsa, kudula ndi sowo, kenako kupala dzino limodzilimodzi. Amapaka mwaye pamano, kulowetsa, kutulutsa, kuona pomwe mwaye wachoka, kupala pomwepo basi. Katatu kapena kanayi ndi tupa, n'kukayesanso. Ndinayala mphasa poyera, pansi pa mapeyala.

Dzuwa litakwera pang'ono anafika Pilato ndi amuna awiri pa kalole, mahamala ndi botolo la gasi kumbuyo. "Azakhali, mwatsanzikana nayo?" Ndinati alendo sayamba ntchito ndi njala. Unawapatsa tiyi ndi chinangwa chophika, ndipo ndinakuuza kuti tiyiyo akhale wotentha kwambiri.

Mmodzi wa ogula zitsulowo, wamtali wa chala choduka, anasiya kapu yake n'kukaima pa vayisi. "Madala, iyi mwapanga nokha?" Anati eya. "Kuyeza munayeza bwanji m'dzenje muja?" Akamwini analoza ndi tupa kumphasa kwanga. Munthu uja anandiyang'ana, kuyang'ana chitsulo, osamvetsa. Koma sanabwererenso kutiyi, anayamba kuwagwirira nyali ya pafoni m'dzenjemo.

Pilato anayang'ana wotchi kawiri. Kachitatu anati, "Alamu, anthuwa ali ndi kwina kopita." Akamwini anati, "Dzino limodzi." Anapala kawiri, kuuzira, kulowetsa. Ndinamva ndili pamphasa, khwa. Yakhala.

Anapisa ndodo m'bowo n'kutsamira. Nati osasuntha. Anatsamiranso, mitsempha kutuluka m'khosi. Zii. Ine ndinati mano aja athyoka tsopano, paipi ina yosemera kulibe. Koma iwo sanakakamize. Anadontheza mafuta, kudikira, kugogoda ndi kamtengo mozungulira ngati akuodira pakhomo. Anaveka chipaipi chachitali pandodo. Wa chala choduka uja anagwira nawo osapemphedwa. Nati inalira ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa, n'kutembenuka.

Anatulutsa sipanala, kuyang'ana mano. Onse anayi ali chilili.

Chimene chinaumitsa tayala amati beringi. Inatuluka yofiira, timipira take tikugwa ngati nandolo. Yatsopano anali nayo kale m'nyumba. Kupaka girisi, kulowetsa, kubwezera nati yomwe ija yosavulala pena paliponse, kumanga ndi sipanala yomweyo. Tayala analikankha ndi chala chimodzi, n'kumazungulira lokha, osamveka n'komwe.

Pilato anati, "Kuzungulira m'mwamba si kuyenda." Akamwini anatsitsa jeke. Injini inakana kawiri, kachitatu inalira. Akamwini anatsegula chitseko chakumbuyo. "Amayi, kwerani." Ndinati ayi, wokwera saona. Ndikufuna ndiione ikuyenda.

Inanjenjemera n'kutuluka m'maenje mwake. Inadutsa pankhokwe, kupinda pamuzu wa mango, kutsetsereka kanjira ka pakati pa chinangwa, utsi uli tolo. Pilato anaitsatira pambuyo njira yonse, dzanja lili pabuti. Itakwera pamsewu n'kuima, iye anakhalabe chigwirire. Ine ndinafika mochedwa ndi ndodo yanga. Ndinamupeza akununkhiza. Anati, "Fungo lake ndi lomwe lija, azakhali. Amalume ananditengera momwemu ku chipatala cha Mishoni nditathyoka mkono." Kenako anatembenukira anthu ake. "Tiyeni. Pano palibe chitsulo." Akamwini anawapatsa beringi yakufa ija kuti asabwerere chimanjamanja.

Galimoto aibweza, koma sanaiike pamaenje paja. Ili kumaso kwa nyumba, yayang'ana kumsewu.

Tsopano lemba ichi. Usanatenge bukuli akamwini abwera pakhonde panga. Anaodira, kukhala pasitepe, n'kundiyang'ana kumaso. Ali ndi chipsera pansi pa diso lamanzere. Chakalekale, wati cha ku fakitale Diana ali khanda. Ine lero ndi pomwe ndachiona.

Anafunsa kuti dongo likabwerera padzuwa, pamoto limabwereranso? Nanga limaposa pati? Iwe unabwera chothamanga kuchoka kukhitchini, chipande m'manja, n'kuima pakati pathu kudikira mawu oti unyamule. Anasuzumira kumbali kwako kuti andione. Ndinawayankha ndekha kuti limabwereranso, koma zimatengera dambo lake, la kuno ndi la kutsidya kwa mtsinje sizifanana. Akuti pali kachivindikiro kena kosweka pa injini, akufuna kusungunula mapoto akale athire m'chikombole cha dongo. Ndati langa latha, ndipo labwino lili kutali. Ati Lolemba tipita pagalimoto, ndikawalozere pokumba.

Basi, lekera pomwepo. Msana ukundiwawa, ndatopa. Ndiyalire mphasa ndipumeko.